Msewu Umene Alamu Analambula M'mutu Mwanga

Mutu wanga ndi wovuta, ndipo sunayambe lero. Pansi, pamene tsitsi limamera, pamatuluka mafuta okha ngati pali wina amene amathirapo ndili m'tulo. Ndikachapa lero, mawa ndimakhala munthu, mkuja chala chikangodutsa pamzere chimabwera chikunyezimira, kenako kuyabwa kumayamba. Si kuyabwa kwa udzudzu koti ukanda kamodzi n'kuiwala. Ndi kuja kumakugwira uli pakati pa pemphero kutchalitchi, manja onse awiri n'kumafuna kuthamangira kumutu. Ukakanda, m'zikhadabo mumadzaza mfundu. Koma tsitsi lomwelo ukalitsatira mpaka kunsonga umalipeza louma gwa ngati ndevu za chimanga chokolola, lomangoduka chipeso chikalikhudza. Anthu amene amasirira tsitsi lalitali panjira sadziwa kuti mwini wake amagona nalo bwanji.

Munthu mmodzi yekha amene ankaudziwa mutu umenewu anali amayi anga. Tinachokera kutsidya kwa malire nthawi ya nkhondo, ine ndili kamtsikana koyenda kogwira nsalu yawo, imene iwo ankaitchula kuti kapulana. Nkhondo itatha, anzathu atakwera malole kubwerera, amayi anakana. Anati kwawoko kwatsala zitsa zokha. Munthu wina wachifundo anatibwereka kamalo kuseri kwa msika wa Chinakanaka, amayi n'kumathyola tiyi kuesiteti, ine n'kumapita kusukulu kumene ankatimetetsa tonse ngati anyamata. Nditasiya sukulu, zaka zija anthu anayamba kuvala nsalu za zipani zosiyanasiyana osayang'ana kumbuyo, amayi anandigwira mutu ndi manja awiri.

"Aphunzitsi athana nawo," anatero. "Tsopano mutu uwu ndi wanga."

Lamulo lawo linali limodzi: mafuta asakhudze khungu. Loweruka masana ankandikhazika pakampando kuseri kwa nyumba, n'kugawa tsitsi m'magawo akuluakulu. Sopo, amene iwo ankati sabawu, ankamupaka m'mizere mokha, akutikita ndi nsonga za zala, osati zikhadabo. Thovu lotsika lokha ndi madzi ndilo linkachapa kwinako. Potsukuluza ankathira tiyi wozizira wopanda shuga wofinyiramo mandimu, ndipo ankaluma m'tizilonda timene ndadzikanda mpaka misozi kulengeza. Nsonga zokha ndizo zinkadya bwino. Ankaphwanya peyala lakupsa kwambiri ndi supuni n'kulipaka kuyambira pakati kutsika, ndipo akatsuka ankatsiriza ndi kadontho ka mafuta a nsatsi kotikitira m'zikhatho. Akatero ankadikira liume ndithu padzuwa, kenako n'kulikulunga ndi ulusi wakuda m'zingwe zikuluzikulu. Ndikakanda ankandimenya dzanja. Anandiphunzitsa kumangodzimenya mutu ndi chikhatho, phaphapha, mpaka kuyabwa kutagona.

Tsitsi linakula mpaka kudutsa mapewa. Amayi anamwalira ndi chifuwa litafika pamenepo. Tsiku lometa maliro awo ndinakhala pamphasa mtima uli m'mwamba, koma amayi a kumpingo anangodula kochepa pamphumi n'kunena kuti mwambo watha. Masiku amenewo zometa mpala zinali zikuzilala. Achipatala ankalalikira kuti lezala limodzi lisayende m'mitu yambiri chifukwa cha matenda aja, ampingo nawonso ankati kulira n'kwa mumtima.

Patapita milungu, ndili ndekha ndikupaka peyala, ndinazindikira chinthu chimene mwana aliyense amadziwa koma ine ndinali ndisanachiganizire. Tsitsi limakula kuchokera pansi. Ndiye kuti nsonga zouma zimene zinali m'manja mwangazo ndizo zakale, zomwe zija amayi ankazipotokola ndi zala zawo. Sanandisiyire munda, sanandisiyire nyumba, kapulana tinawaika nayo m'manda. Kuyambira tsiku limenelo ndikamadula nsonga zogawanika ndinkadula mouma manja, kachidutswa kochepetsetsa.

Kwathu kuno mwamuna ndiye amapita kwa mkazi kukakhala mkamwini. Koma ine kwathu kunali kuti? Kamalo kobwereka kaja eni ake anakatenga maliro atangotha. Choncho amuna anga, amene ankagwira ntchito kufakitale ya tiyi, anandipititsa kwawo, mudzi wina kumtunda kwa Chitakale, pamalo a amayi awo ndi alongo awo. Apongozi anga anali munthu wofatsa, wa miyendo yotupa, wosachoka pakhonde. Wolamula pakhomopo anali mwana wawo woyamba wamkazi, alamu anga. Ndikuwatchula mwaulemu pano chifukwa ndinaleredwa bwino, osati chifukwa ulemuwo anaugwirira ntchito.

Tsiku loyamba sanandiyang'ane nkhope. Maso awo anakwera molunjika kumutu.

"Lonseli ndi lanu, alamu?"

"Ndi langa."

"Ndiye mumalima nthawi yanji?"

Chifukwa anali nacho, sindikana. Masaluni atayamba kutsegulidwa pa Chitakale, iwo anali m'gulu la oyamba kukawongoletsa tsitsi ndi mankhwala oyera onunkha aja. Mtsikana wa pasaluni anawasiya nawo kumutu n'kupita kukacheza ndi kondakitala wa minibasi, mankhwala n'kudya tsitsi lonse lakutsogolo ndi la m'mbali. Silinamerenso. Duku silinkachoka kumutu kwawo ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndikanatha kuwamvera chisoni, koma mpata wake sanandipatse. Komanso ndinali mlendo wobwera kudzapuma mpweya pamalo a akazi a banja lawo, ndipo tsitsi langa ndilo linali pafupi kuligwira.

Pabwalo panali mtengo waukulu wa mapeyala, wobereka mpaka ena ankaolera pansi. Loweruka loyamba ndinatola limodzi logwa lokha, lakuda mbali imodzi. Alamu anandipeza kuseri kwa bafa nditawerama, mutu uli biriwiri.

"Amayi, tabwerani mudzaone," alamu anaitana apongozi. "Akudyetsa tsitsi. Kwawo kunkhondo ankakumba mizu, lero chakudya akupaka m'mutu."

"Linali loola, alamu. Ngakhale nkhuku zinalikana."

"Nkhukuzo ndi zathu, mtengowo ndi wathu, kuolako n'kwathunso."

Sindinatolenso peyala pabwalo limenelo. Amuna anga, pofuna mtendere, anayamba kumandigulira awiri pamsika wa Chitakale Loweruka lililonse akamaweruka. Ankalowa nawo m'nyumba atawabisa m'thumba la jekete, akudutsa pansi pa mtengo wolemedwa ndi zipatso.

Kenako panabwera nkhani ya nsabwe. Alamu anali ndi diso la mphamba pa dzanja langa. Ndikangodzimenya mutu kamodzi, iwo ankatsokomola. Ndikadzimenya kachiwiri, ankaitana ana awo kuti achoke pafupi nane. Sanandiuze m'maso, anakauza pamjigo. Ndinadziwa kuti nkhani yafika patali tsiku limene mayi wina, amene tinkabwerekana nkhata posenza madzi, anabwera ndi yakeyake n'kundiuza akuyang'ana kumbali kuti yangayo ndi yolimba. Kutchalitchi benchi yanga inayamba kukhala ndi malo ambiri. Ndinapsa mtima, koma nsabwe zimene ulibe ungazionetse bwanji kwa anthu? Sindikanayenda khomo ndi khomo nditamasula mutu.

Apongozi, pofuna kutigwirizanitsa, anachita cholakwa cha munthu wabwino. Anati alamu andikonze okha mutuwo. Kuno aliyense amadziwa kuti mutu ukamayabwa ndiye kuti wauma, ndipo mankhwala ake ndi kuupaka mafuta. Ndinayesa kufotokoza kuti wanga ndi wosiyana, kuti mafuta uli nawo kale ochuluka, kuti chouma ndi nsonga. Akazi onse pakhonde anaseka.

"Mutu wa ku Mozambiki," anatero alamu. "Umayenga wokha mafuta. Tiziwaza ndi m'ndiwo momwe."

Ndinakhala pansi pakati pa mawondo awo chifukwa cha apongozi. Anatsegula kabotolo ka mafuta olimba aja odzoza ana, n'kumang'amba mizere ndi mchira wa chipeso ngati akukwiya ndi nthaka, mzere uliwonse n'kuudzaza mafuta ndi chala. Nsonga sanazikhudze n'komwe. Atatha analuka mizere yothina mpaka nsidze zanga zinakwera. Unali mwezi wozizira. Mawa lake chiperoni chinatsika m'phiri, phiri lenilenilo n'kusowa, kamvula kosatha kaja kakunyowetsa chilichonse. Ndinkasenza madzi ndi kupita kumunda nditamanga duku, mafuta ndi thukuta ndi chinyezi zikuphikana mkati. Mutu unayaka. Pamphumi panatuluka tiziphuphu, kumbuyo kwa makutu tizilonda, ndipo ndikavula duku ndinkadzimva ndekha fungo la sanza yonyowa. Sabata isanathe ndinamasula zonse, ndinachapa ndi sopo kawiri, ndinakhala pafupi ndi moto ndikuumitsa ngati fodya.

Alamu anaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno.

"Mwamasula? Ndiye kuti manja anga ndi auve."

"Sindinatero. Mafuta aja sagwirizana nane."

"Palibe chimene chimagwirizana nanu pakhomo pano. Mankhwala a mutu umenewo ndi amodzi, kumeta. Tsiku lina tidzameta."

Mawu amenewa anakhala nyimbo yawo. Akapeza tsitsi limodzi m'ndiwo, ngakhale lalifupi lopotana loti aliyense akuona kuti si langa, ankalikweza m'mwamba n'kuimba yomweyo. Inenso sindinali mkaka. Ndinkasankha dala nthawi imene iwo akusenda chinangwa pakhonde kuti ndikhale padzuwa patsogolo pawo, tsitsi nditalimasula lonse, ndikulipesa pang'onopang'ono kuyambira kunsonga kukwera. Tsiku lina ndinawafunsa mwachifundo ngati duku siliwatentha. Sanandiyankhule mpaka nandolo atakhwima kumunda, ndipo inali nyengo yabwino kwambiri ya ukwati wanga.

Amuna anga ankalikonda tsitsi limeneli, ndipo ndikulemba izi mosakondwa. Lamulungu masana, anthu atabalalika, ankatseka chitseko n'kundikhazika pansi. Kumbuyo kumene sindinkaona ndiwo ankagawa mizere, n'kumadutsitsa kansalu koviika mu tiyi wa mandimu. Kenako ankatikita mafuta a nsatsi m'zikhatho zawo zokhakhala n'kumagwira nsonga imodzi imodzi. Anali ndi manja odekha kuposa akazi ambiri. Tsiku lina ndinawauza za nsongazo, kuti ndi zomwe amayi anazigwira. Sindinauzepo munthu wina aliyense. Iwo anati, "Ndiye tizizisamala, mayi."

Lamulungu lina alamu anasuzumira pawindo akufuna kubwereka sefa. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva kuti mlongo wawo ndinamuika m'botolo, mwamuna wamkulu ndevu pepeya akuluka mkazi. Amuna anga sanasiye. Anangoyamba kutseka ndi windo lomwe. Koma kunja, alamu akaponya mawu a nsabwe kapena a mapeyala, iwo ankaseka nawo pang'ono, kaseko ka munthu amene akufuna kuti nkhani idutse. Ndinkaona, ndinkameza.

Apongozi anamwalira mwezi wotentha, mvula isanagwe. Ndinawalira zenizeni, chifukwa pakhomo ponse ndiwo okha ankandiitana kuti mwana wanga. Tinagona pasiwa monga mwa mwambo, akazi titapanikizana m'nyumba, osasamba, maduku ali kumutu. Tsitsi langa linali m'zingwe zija za ulusi, ndipo tsiku lochapa linali litadutsa kale maliro asanachitike. Kutentha, thukuta ndi utsi wa moto wa panja zinandichita zoopsa. Anzanga akuimba nyimbo zachitonthozo, ine ndinkaluma mlomo, ndikalephera n'kudzimenya mutu. Ndipo alamu, mwana wa malemu, maso atatupa ndi kulira, ankapezabe mphamvu yogunda mnzawo ndi chigongono kuti aone.

Madzulo a tsiku loika maliro ndinawapeza amuna anga kuseri kwa khola.

"Mawa ndi kumeta," ndinatero. "Ine ndine mtengwa, si wa mbumba ino. Mukawauze atsibweni anu."

"Musade nkhawa, mayi. Atsibweni anena kale kuti n'kungodula pang'ono, aliyense amene anagona pasiwa. Komanso ine ndili pomwepo."

M'mawa tinasesa bwalo, phulusa la moto wa maliro n'kuliunjika pamodzi ndi zinyalala kuti zikakwiriridwe. Kenako tinakhala pamphasa, akazi mbali ina, amuna mbali ina, pansi pa mtengo wa mapeyala uja. Atsibweni awo a amuna anga, mlongo wa malemu, ndiwo anali mwini mbumba. Anaimirira n'kunena momveka kuti zometa mpala tinasiya, lezala palibe, pali sizasi, ndipo aliyense adulidwe pang'ono pamphumi kuti maliro achoke pakhomo. Mtima wanga unakhala pansi.

Mayi wina wokalamba wa m'mudzimo ndiye anayamba kudula. Anadula awiri atatu, dzanja likunjenjemera. Alamu anadzuka n'kulandira sizasi mwaulemu, akuti agogo angabaye munthu m'diso. Palibe anaona cholakwika. Amayi awo atapita, mkulu wa akazi pakhomopo anali iwo. Ankadutsa pamzere, aliyense wavula duku wawerama, iwo n'kudula kochepa n'kuponya m'lichero. Atafika pa ine ndinavula duku ndi kuwerama ngati anzanga.

Ndinamva kukoka, osati kwa tsitsi lochepa, kwa chingwe chonse chakutsogolo. Sizasi inazizira pakhungu penipeni. Inalira molemera, ikutafuna ulusi ndi tsitsi pamodzi. Ndinaganiza kuti yakodwa. Ndisanadzutse mutu inali italuma kale chingwe chachiwiri chakumbuyo kwake. Nditakweza dzanja, zala zinagwera pakhungu lopanda kanthu kuyambira pamphumi mpaka paliwombo, ndipo mphepo inkadutsapo. Zingwe ziwiri zazitali zinali m'lichero, pamwamba pa tinyenyeswa ta anzanga.

"Pepani alamu," anatero mokweza kuti onse amve. "Sizasi yake ndi yakuthwa. Komabe mwina nsabwe zipeza msewu wotulukira."

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Atsibweni anayang'ana mutu wanga, anayang'ana lichero, n'kupukusa mutu. Anaona kuti chalakwika. Koma mkazi ndi wa mwini, choncho anatembenukira kwa amuna anga.

"Aphwanga, akazi anu awa achitidwa izi. Mukuti bwanji?"

Ndinawayang'ana amuna anga. Sindinkafuna kuti amenye munthu kapena kutukwana pamaliro a amayi awo. Ndinkafuna angonena kuti achemwali, mwalakwa. Iwo anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana amuna anzawo amene ankawanena za botolo, kenako anayang'ana zala za kumapazi.

"Ndi tsitsi chabe, atsibweni," anatero. "Limera."

Sizasi sinandipweteke ngati mawu amenewo. Pabwalo lonse munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa chimene chinali m'licheromo, ndipo ndi amene anati chabe. Misozi imene inali ikubwera inabwerera. M'malo mwake munalowa ukali wozizira umene sindinaumvepo.

Alamu anali atasunthira kale kwa wotsatira. Ndinawagwira chitenje.

"Malizani."

"Mwambo watha, alamu. Tisiyeni tipitirize."

"Mwayamba nokha. Ndiyenda bwanji ndi msewu pakati pa mutu? Malizani lonse. Ndipo nsabwe iliyonse imene mupeze muiike pachikhatho cha atsibweni, anthu aione. Mwaitchula pamjigo, mwaitchula kutchalitchi, lero mwaitchula pamaliro. Ionetseni."

Alamu anayang'ana atsibweni kuti awapulumutse. Mkuluyo anangoti, "Wanenatu mwini mutu."

Anameta. Zingwe zinkagwa chimodzi chimodzi. Zala zawo zinkaterera ndi mafuta a mutu wanga wosachapa, mfundu zikuwamatirira, ndipo ndinakondwa kuti zikuwanyansa. Chingwe chilichonse chikagwa ndinkafunsa modekha kuti, "Mwaipeza?" Iwo ankangodula chotsatira. Akazi anayandikira, makosi atatalika, ngakhale mayi wa nkhata uja. Anaona khungu lonyezimira, mikwingwirima yofiira ya zikhadabo, ndi tizipsera takale ta mafuta a alamu aja. Nsabwe panalibe, ngakhale dzira lake.

Musaganize kuti ndinapambana. Pofika masana nkhani m'mudzi inali yoti mtengwa wa kunkhondo uja alibe mwambo, wachititsa manyazi anamfedwa pamaliro. Za nsabwe anangoziiwala, palibe anabwera kudzapepesa.

Alamu atamaliza ndinatambasula duku kuti ndikulungemo tsitsi langa. Atsibweni anandiletsa, ndipo anandiletsa mofatsa.

"Ayi mayi, limenelo ndi la maliro tsopano. Sililowanso m'nyumba. Lipita ndi phulusa."

Ndinapempha chingwe chimodzi chokha. Anati mwambo sulola, munthu angadwale. Sindinawauze chifukwa chimene ndinkapemphera, pakuti amene ankachidziwa anali atakhala chete pamphasa. Ndinaona lichero likunyamulidwa kupita kudzenje kuseri kwa nthochi. Tsitsi limene amayi anga analisamala ndi sabawu ndi mapeyala ogwa linakwiriridwa pamodzi ndi phulusa la maliro a amayi a eni ake.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti kuyabwa kunatha. Mutu wopanda kanthu ndinkausamba tsiku ndi tsiku pamodzi ndi nkhope, mphepo n'kuuumitsa nthawi yomweyo. Tizilonda tinapola. Ndinkagona tulo tokoma ngati mwana. Alamu anaona kuti dzanja langa silikupitanso kumutu, ndipo sanathe kudzigwira.

"Mwaona, alamu? Ndinanena ine. Mwachira."

Ankanena zoona, ndipo sindinawadepo kwambiri ngati tsiku limenelo.

Sabata yotsatira amuna anga anabwerera kuntchito. Loweruka masana ndinali pakhonde la nyumba yathu, mutu uli pamtunda chifukwa ndinakana kuufunda duku, kuti aliyense wodutsa aone ntchito ya manja a alamu. Anafika akukankha njinga, n'kupisa dzanja m'thumba la jekete monga mwa masiku onse. Anatulutsa mapeyala awiri. Atawatambasulira kwa ine ndi pamene maso awo anakwera kumutu kwanga, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Miyendo inali itawapititsa yokha pamsika, dzanja n'kusankha lokha akupsa kwambiri.

"Ndinaiwala, mayi," anatero.

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinalowa m'nyumba n'kutenga mpeni, supuni ndi mchere. Ndinakhala pomwe ndinali, ndinadula loyamba, ndinawaza mchere, ndinadya lonse mpaka kupala khungu. Ndinadula lachiwiri. Iwo anali chiimire ndi njinga yawo, osadziwa ngati akhale kapena apite. Sindinawagawire. Nthangala ndinaziponyera nkhuku za alamu.

Tsitsi linamera, monga ananenera. Lero ladutsanso mapewa, lasakanikirana ndi imvi, ndipo khalidwe lake silinasinthe: pansi mafuta ndi kuyabwa, kunsonga kouma. Ndimalichapa Loweruka ndi sopo m'mizere mokha, tiyi wa mandimu, peyala la mumtengo wanga umene ndinabzala titasamukira pamalo athuathu. Nsonga zogawanika ndimadula mosaumira, chifukwa palibe chimene ndikusunga. Alamu akalipo, akalamba, timapatsana moni wa mawu onse. Akadwala ndimawatumizira phala. Akadzatsogola iwo ndidzawalira monga mwa mwambo, koma tsiku lometa ndidzakhala nditapita ku Chinakanaka.

Amuna anga tikadali limodzi, tinabereka ana, ana anabereka awo. Si munthu woipa. Kumbuyo kumene sindiona ndimavutika ndekha ndi magalasi awiri, mikono n'kumawawa. Zaka zoyamba ankati akandiona ndikulimbana nako Lamulungu masana, ankadzuka n'kukatseka chitseko, kenako n'kuima pafupi atagwira kabotolo ka nsatsi. Ndinkawauza kuti atsegule, m'nyumba mukutentha. Masiku ano safunsanso, amangokhala pampando n'kumandiyang'ana. Dzanja lawo silinafikenso m'mutu mwanga.